Chigudumu cha Kiriketi ndi Apongozi Anga

Anthu akandifunsa chifukwa chake ndakalambira m'mudzi wa kuchikazi, pamene anzanga onse anatenga akazi awo kalekale n'kupita nawo kwawo, ndimayankha kuti ndi kiriketi. Amaseka, amayesa ndikuzemba funso. Sindizemba ayi. Ndi kiriketi ndithu, kuphatikizapo ulemu wanga, umene mpaka lero m'dera lino sanaupezere unzake.

Zinachitika m'zaka zija za m'ma 1920, azungu a fodya atadzaza dziko lino kuchokera ku Foti Jemisoni mpaka ku Sinda. Katete nthawi imeneyo unali mtsinje chabe, boma kunalibe. Ine ndinkagwira ntchito pa esiteti ina kunsi kwa phiri la Mphangwe, kwa mzungu amene tinkamutcha Bwana Kamtedza chifukwa cha mutu wake (thupi linakula mpaka kudenga, mutu unaiwala kutsatira). Mkati mwa mlungu ndinkasonkha moto m'mabalani owotcheramo fodya. Loweruka masana ndinali munthu wa kiriketi.

Kwa inu amene simunaonepo masewero amenewa: munthu mmodzi amaponya mpira wofiira, wolimba ngati dzaye losapsa, kulunjika timitengo titatu tozika pansi. Wina amatchinjiriza timitengoto ndi thabwa. Ena onse amaima padzuwa n'kumaganiza za mavuto awo. Azungu a maesiteti oyandikana sankakwana, tsono ankatenga ife kuti tiziima kumalire kwa bwalo n'kumathamangira mpira ukalowa patchire. Ine ndinkauthamangira bwino, mpaka Bwana anandipatsa buluku loyera limene anatopa nalo. Linkandifika m'khwapa. Ndinkalimanga ndi luzi pachifuwa, ndipo ndikayenda nalo pamsewu anthu ankandipatukira poyesa ndine mbusa watsopano.

Tsono mumve pamene zinthu zanga zinali. Ndinali mkamwini m'mudzi wa mkazi wanga Esitere, ndipo tinali kale ndi ana. Ndinkalima munda wa apongozi, kufolera nyumba zawo, kuwamangira makola. Bwana anali atandilonjeza ukapitawo wa mabalani pamodzi ndi nyumba ya njerwa zowotcha, yokhala ndi zenera la galasi, malinga ndisamukire pa esiteti pompo, poti moto wa m'balani sufuna munthu wogona kutali. Koma mkamwini sangonyamula mkazi ngati khasu. Pankafunika chitengwa, chilolezo cha eni mbumba choti nditenge Esitere n'kuchoka naye pamudzi. Malume ake, a Gidiyoni, mkulu wa mpingo, anali atanena kuti tikhala pansi Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Iwo anali atafewa kale. Amene anali asanatulutse mawu ndi apongozi aakazi, amayi ake a Esitere.

Bwalo la masewero linali limodzi, pafupi ndi sukulu ya mishoni, ndipo tinkasinthana ndi a mpira wa miyendo. Mtsogoleri wawo anali Yelemiya, mnzanga wa m'mabalani, munthu wosaopa aliyense ndiponso wosalemekeza aliyense. Pakati pa bwalo azungu anali ndi kamzere kawo kopatulika: dothi la pachulu, lothiridwa madzi, losalazidwa mpaka kunyezimira, pamene ankayalapo chimkeka chachitali tsiku la kiriketi. Mwatsoka, pakati pomwepo ndi pamene a mpira wa miyendo ankayambira masewero awo, mvula kaya dzuwa. Yelemiya yekha anasiyapo dzenje ndi chidendene limene achule anabadwiramo, kukuliramo, n'kukwatirana momwemo. Ndinawaona ndi maso angawa.

Azungu anadandaula kwa aphunzitsi. Aphunzitsi anati bwalo analambula ndi ana a sukulu. Azungu anazika zikhomo ndi chingwe kuzungulira kamzere kawo, a mpira n'kutenga zikhomozo kukakonzera magolo. Zinthu zinafika pothera Loweruka lina pamene mpira wofiira uja unagunda m'mphepete mwa dzenje la Yelemiya, n'kusintha maganizo, n'kukapeza mphuno ya mzungu wina wa ku Sinda. Mphunoyo inali yoyang'ana kutsogolo m'mawa wa tsikulo. Madzulo inkayang'ana ku Nyanje. Azungu anakhala pansi pa mkuyu, anamwa tiyi, anagamula kuti kiriketi isamuke, ipite tsidya la dambo, pa malo a mwini mphuno.

Timitengo, chimkeka ndi mabenchi zinapita pamitu tsiku lomwelo. Chinatsala chigudumu.

Chigudumu chinali chimgolo chachitsulo chodzazidwa ndi simenti, chokhala ndi chigwiriro, chosalazira dothi la pachulu lija. Za kulemera kwake ndingonena izi: ng'ombe zimene zinachikoka kuchokera ku Jemisoni sizinakokenso kanthu moyo wawo wonse, ndipo ina inasiya ngakhale kugwedeza mchira. Ng'ombe za Bwana zinali pa ntchito yotuta nkhuni za mabalani, tsono panafunika anthu. Bwana atafunsa woti ayang'anire ulendowo, dzanja langa linali m'mwamba asanamalize kufunsa. Tsiku lake linali Loweruka, mawa lake Lamlungu la chitengwa changa.

Anthu okoka sindinavutike kuwapeza. A mpira wa miyendo anabwera onse, ngakhale aja amene pa ntchito ya tchalitchi amadwala msana. Anabwera akuimba, ngati akuperekeza mlendo amene wakhalitsa.

Njira zinali ziwiri. Msewu wa ngolo unkazungulira kutali, koma unali wathyathyathya. Njira yachidule inkatsika mtunda n'kudutsa m'mphepete mwa mudzi wa kuchikazi kwanga isanafike padambo. Ndinasankha yachidule.

"A Phiri," anatero Yelemiya, "njira iyo imatsetsereka. Tiyeni tizungulire."

"Ukuopa?"

"Ine? Ine ndingofuna chinthuchi chichoke pabwalo pathu, kaya chikagwera kumanda. Koma ndikukudziwani. Mukufuna akuoneni ndi buluku."

"Buluku lalowa bwanji pankhaniyi?"

"Inu ndi amene mwalowa m'buluku. Kunja kwatsala mutu wokha."

Ndinangoloza njira yachidule ija. Munthu amene mawa lake akukapempha chitengwa amafunika aoneke kuti ndi munthu wa maudindo, woti azungu amamusiyira katundu. Ndinkafuna apongozi amve mawu anga akulamula amuna ambirimbiri, aganize okha kuti munthu wotere sangamangofolera nkhokwe.

Kutsitsa chinthu cholemera pamtunda kuli ndi nzeru yake, ndipo tinkaidziwa, poti ndi mmene tinkatsitsira zipika za nkhuni. Mumamanga chingwe cha chikopa cha ng'ombe kumbuyo, n'kuchikulunga pa thunthu la mtengo. Munthu mmodzi amagwira kunsonga n'kumamasula pang'onopang'ono, ena akuyenda m'mbali ndi miyala yochirikizira. Chingwe chikatha amachirikiza, inu n'kusamukira pa mtengo wina kumunsi. Ntchito yonse amagwira ndi mtengo. Wa kunsongayo ntchito yake ndi imodzi basi: osasiya. Ndinadzipatsa ntchito imeneyi chifukwa wa kunsonga amaima kumtunda, poonekera, ndipo buluku silida.

Mitengo yoyamba inayenda bwino kwambiri. Ndinkafuula kuti "Chirikizani!" iwo n'kuchirikiza. Ndinkafuula kuti "Chotsani!" iwo n'kuchotsa. Nthawi zina ndinkafuula popanda chifukwa, kuti mawu afike kumudzi. Ndipo anafika. Anthu anatuluka m'nyumba. Ndinaona Esitere ataima ndi mwana kumsana. Ndinaona a Gidiyoni ataima pakati pa njira kumunsi, atavala chipewa chawo cha Lamlungu ngakhale linali Loweruka, akugwedeza mutu movomereza. Mumtima ndinali nditayamba kale kupukuta zenera la galasi.

Tinafika pa mtengo wa msuku, womaliza mudzi usanayambe, pamene mtunda umatsetsereka kwambiri. Ndinakulunga chingwe, ndinati "Chotsani!", miyala inachoka, chigudumu chinalendewera pa chingwe changa. Pamenepo ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga.

Pa msuku umenewo pankatulukira kanjira kochokera kuchitsime. Ndinali nditakaiwala. Kutsokomolako sindikanakuiwala, chifukwa ndinkakumva tsiku lililonse kuseri kwa mpanda.

Apa ndiyenera kufotokozera inu a masiku ano, amene mumakhala pa benchi limodzi ndi apongozi anu n'kumalandirana chimanga chowotcha. Nthawi yathu mkamwini ndi apongozi aakazi sankaonana maso. Ukawaona panjira umapatuka, kulowa patchire, kunjuta, nkhope kuloza kwina, n'kuomba m'manja, moni n'kuperekera kumsana. Iwonso akakuona amatsokomola kuti udziwe. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo nkhope ya apongozi ndinkaidziwa mwa mphekesera. Zimene ndinkazidziwa bwino ndi zidendene zawo.

Anali ndi mtsuko pamutu. Kumanzere kwawo kunali minga, kumanja kunali chingwe changa chitatchinga njira. Analibe kopatukira. Anaima, anatsokomolanso kachiwiri.

Ndikufuna izi zimveke bwino, chifukwa anthu akhala akundinamizira kuti ndinaiwala za chingwe. Sindinaiwale. Mutu wanga unkadziwa. Mutu unati, gwira, munthu iwe, gwira. Koma manja anga analeredwa ndi amayi anga, ndipo amayi anga sankalera ndi mawu okha. Maondo anapinda okha, nkhope inatembenukira kutchire yokha, ndipo ndinangomva kuti phu, phu, phu, kuomba kokoma, kwa manja ofumbata bwino, kosafulumira.

"Zikomo, amayi. Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera, atate, kaya inu," anayankha kumbuyo kwanga. "Koma chinthu chanu chija chapita."

Chingwe chinamasuka pa msuku chikulira ngati mluzu, mpaka khungwa linafuka utsi (mtengowo ulipo, ndipo uli ndi mzere m'chiuno ngati wavala mikanda, pitani mukaone). Ndinamva amuna akukuwa, miyala ikugubuduka, nthaka ikunjenjemera pansi pa maondo anga. Kuona sindinaone kalikonse. Apongozi anali ataima pomwepo, kumbuyo kwanga, akuyang'ana kumunsi, ndipo kuti nditembenuke ndikanakumana nawo maso. Tsono ndinakhala chinjutire, nkhope m'masamba, n'kumamva nkhani yonse kuchokera kwa iwo. Sankauza ine, poti sikunali koyenera kucheza nane nthawi yaitali. Ankauza msuku.

"Anyamata a mpira abalalika," anatero, mawu ali phee ngati akunena za mitambo. "Uyo wamwano uja wakwera mtengo."

Kunamveka kuti phwaa, ndi mapiko ambiri.

"Khola la nkhunda ilo."

Kenako mfuu wa akazi.

"A Gidiyoni adumpha." Kenako anawonjezera: "Sindinkadziwa kuti amadumpha."

Ndinafuna kufunsa ngati adumpha mokwanira, koma sikunali kwanga kufunsa. Kenako kunamveka phokoso lina, lalitali, ngati munthu wamkulu wakhalira dengu.

"Nkhokwe yanga ya mtedza iyo."

Panapita kanthawi, phokoso likuchepa, likupita kutali, mpaka kunamveka kuti thibu.

"Chafika kudimba," anatero apongozi. Anadumpha chingwe chimene tsopano chinalibenso ntchito, anatsika ndi mtsuko wawo, osataya ngakhale dontho. Ndinadikira mpaka zidendene zitazimiririka, ndipo pamenepo ndinadzuka kukaona zimene ndinachita.

Palibe munthu anavulala, tiyambe ndi pamenepo. Koma kuchokera pa msuku mpaka kudambo panali msewu watsopano, wowongoka, wosalala kuposa wa boma. Nkhokwe inali itayalidwa pansi ngati mphasa. Mtedza wa chaka chonse unasinjika nthawi imodzi, moti akazi anangobwera ndi malichero kudzawola nsinjiro, ndipo mudzi unadya ndiwo zotendera mpaka agalu ananenepa. Chipewa cha a Gidiyoni, chimene sichinadumphe nawo, chinapyapyala kotero kuti anachisunga m'buku la nyimbo. Tambala wa apongozi anathawa osaima mpaka kwa Apwitikizi. Anabwerako mwezi utatha, akulira mwa mtundu wina, ndipo nkhuku zathu sizinkamumva. Mukafuna mboni funsani Yelemiya. Anamwalira, koma akanakuuzani chimodzimodzi.

Chigudumu chenichenicho chinali chitadutsa mpanda wa dimba, kufinya mizimbe yonse ya apongozi, n'kukhala m'matope mpaka m'chigwiriro, njuchi zikuchizungulira. Ndinalowamo kuti ndimangenso chingwe. Tinakoka mpaka dzuwa kupendeka, chigudumu osasuntha. Chimene chinasintha ndi buluku lokha.

Bwana Kamtedza anabwera pa njinga yake, anayang'ana msewu watsopano uja kuchokera kumunsi mpaka kumtunda, anayang'ana ine.

"Chingwe chinaduka?"

"Ayi, Bwana. Ndinasiya."

"Chifukwa?"

"Kunabwera apongozi."

"Anakumenya?"

"Ayi, Bwana. Anatsokomola."

Anavula chipewa, anakanda kamutu kake nthawi yaitali. Kenako anati ng'ombe zibwera Lolemba kudzachizula, ndipo za nyumba ija mawu ake sanasinthe, koma Lolemba lomwelo afuna kumva ngati ndikusamuka kapena ayi, poti fodya sadikira.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi tinakhala kuseri kwa nyumba ya a Gidiyoni. Ine ndinakhala pansi, Esitere pambali panga chapatali. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, kuti tizimvana osaonana. Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa. Ndinayamba ndi kulonjeza nkhokwe yatsopano, yaikulu kuposa yakale, khola la nkhunda, mpanda wa dimba ndi chipewa.

A Gidiyoni anandidula. Ankayenda motsimphina pang'ono kuchokera pa kudumpha kuja, ndipo anali asanandiyang'ane chiyambire m'mawa.

"Mlongo wanga," anatero kuloza kumpanda, "ine mawu anga ndi achidule. Munthuyu amange zimene waphwanya, atenge mkazi wake, apite. Apite ndithu. Akakhala pano atimaliza."

Sindinamvepo mawu okoma chotero kuchokera kwa munthu wondida. Ndinaweramitsa mutu kuti chimwemwe chisaoneke. Ndinaganiza kuti chigudumu chandichitira zimene buluku linalephera.

Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola.

"Alongo, ndamva. Koma inu munali kumunsi, munkadumpha. Ine ndinali kumtunda, ndinaona. Akamwini ndili nawo ena pamudzi pano. Wina akandiona amayang'ana kumwamba ngati akuwerenga akhwangwala. Wina amaomba ndi dzanja limodzi pantchafu, fodya ali kukamwa. Uyu anali ndi katundu wa mzungu m'manja, anthu onse akuona. Anasiya. Ananjuta. Anaomba bwinobwino, osathamanga. Chinthu chikuphwanya mudzi, anthu akulira, iye osatembenuka ngakhale khosi. Munaonapo zotere inu?"

"Sindinaonepo," anatero a Gidiyoni, "ndipo sindifuna kuonanso."

"Mtedza tidzalima wina. Nkhunda zibwerera. Koma mkamwini wotere mukampereka ku esiteti, wina ndidzamtenga kuti? Mwana wanga sachoka pano. Ndi iyenso sachoka."

Ndinasendera kwa Esitere. "Amake mwana, auzeni kuti zinangochitika. Auzeni kuti ine ulemu ndilibe kwenikweni."

"Ndiwauze bwanji, mudzi wonse unaona?" anatero, nsalu ili kukamwa, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero amati ankalira.

Njira inalipo imodzi, ndipo ndinaiona bwinobwino. Kuimirira, kuzungulira mpanda uja, kuwayang'ana apongozi m'maso n'kunena kuti amayi, ine nyumba ya njerwa ndikuifuna. Akanakomoka, akanadzuka, akanandithamangitsa tsiku lomwelo pamodzi ndi mkazi ndi ana, ndipo Lolemba ndikanagona pansi pa zenera la galasi. Ndinayeza mtunda wake ndi maso. Sunali wautali.

"Mwamva, akamwini?" anafunsa a Gidiyoni, mawu ali ofooka ngati munthu amene walandira chilango cha mnzake.

"Ndamva, atate. Zikomo kwambiri," ndinatero.

Lolemba ng'ombe zinazula chigudumu n'kuchipititsa tsidya kudzera msewu wa ngolo. Kiriketi inayamba pa bwalo lake latsopano, a mpira wa miyendo anatsala ndi lawo n'kulikumba mmene anafunira. Ukapitawo ndi nyumba ya njerwa Bwana anapatsa Yelemiya, amene apongozi ake anavomera chitengwa asanamalize n'kupempha komwe. Ankandiitana kukacheza, n'kumandiuza kuti ndisaope, ndikhoza kuyang'ana pazenera kwaulere.

Ndinapemphanso chaka chotsatira, ndi chinzake. Nthawi iliyonse yankho linali nkhani ya pa msuku, yokambidwa monyadira pamaso pa alendo, ndipo inkakula chaka ndi chaka. Pofika kumapeto, chigudumu chinkadutsa pa phazi langa ine osasiya kuomba. Apongozi anali ndi vuto lowonjezera nkhani, limene ine ndilibe. Kenako fodya anagwa mtengo, azungu ambiri analongedza, kiriketi inasamukanso, ulendo uno osatiuza kumene ikupita. Ine ndinali pa denga la nkhokwe ya apongozi, ndikufolera.

Ana anga aamuna, pamene ankapita kukakwatira, ndinawakhazika pansi mmodzimmodzi. Ndinawauza kuti ulemu ndi chinthu chabwino, ndipo asadzandichititse manyazi kwa eni ake. Koma aziutulutsa pang'onopang'ono, apongozi asadziwe kuti ulipo wambiri.